Tsiku limene amalume anatola dimba lakumunsi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kandeu tilipo ndithu, ndipo mwendo wa amayi uja wasiya kutupa.

Lachiwiri lapitali kusikimu kwathu kunabwera anthu ofufuza, ati akufuna kuona ngati alimife tingamagulitsane madzi othirira. Anatichititsa masewera. Zitsekerero za mabotolo zinali madzi, nyemba zinali ndalama, ndipo malo a dimba timachita kutola pakapepala. Amalume, omwe aja amatitsekera ngalande kumtunda, anatola dimba lakumapeto kwenikweni! Madzi sankawafika, nyemba zinawathera, mpaka thukuta kamukamu ngati ndi zenizeni.

Amayi anangowakankhira zitsekerero ziwiri. Wofufuza wina anati, "Mayi, mwaiwala kulandira nyemba." Iwo anayankha kuti, "Uyu ndi mlongo wanga, ndinkamubereka kumbuyo ine. Lembani zomwezo."

M'mawa mwake tinapeza madzi akuyenda kale m'mizere ya kachewere wanu amene anayamba kufota uja. Amalume anali atatsegula ngalande ija.

Mukapeza munthu wobwera kuno, mutumizeko jombo za amayi. Muikemonso zina za amalume, akhululukireni.

Mulungu azikusungani kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati