Mawu a Morton pa Foni

Karonga Boma,
Novembala

Okondedwa alamu a Kenan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre kumeneko, inu, mayi a kunyumba ndi ana. Kuno tikudzuka. Ine ndabwerera m'kalasi, koma nyumba ikadali zii chimwalirireni akulu anu a Morton.

Nkhani ndi ya pulogalamu yawo ija yochenjeza za madzi osefukira. Paja sanaiyambe okha. Anatenga pulogalamu yaulere imene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalemba mothandizana, yoti aliyense atha kuitenga n'kuisintha, iwo n'kuikonza kuti igwire ntchito pa mtsinje wathu wa Rukuru. Madzi akakwera kumtunda, inkaimbira yokha anthu a kudambo, mawu a Morton n'kumawauza m'Chinkhonde kuti athawe. Eni pulogalamu yaikuluyo sanachite nsanje. Anawapatsa malo pa seva, kompyuta yawo yaikulu ija, anaika ntchitoyo patsamba lawo la pa intaneti kuti ena atengerepo, ndipo akakonza vuto kwawoko ankawatumizira.

Pamaliro paja palibe amene anaganizako zoti pulogalamuyo ikugwirabe ntchito yokha. Ndiye mu Epulo Rukuru anadzaza, mafoni n'kuyamba kulira masanasana. Anthu poyankha anamva mawu a munthu amene anamuika okha m'manda. Alamu, kunali chipwirikiti! Ena anaponya mafoni m'minda ya mpunga. Akuluakulu anati mzimu sunagone, ukuitana anzake, ndipo woumvera ndiye wotsatira.

Tusekile, uja amagulitsa usipa pamsika, anadula foni n'kudzitsekera m'nyumba ndi ana. Madzi anawapeza momwemo. Kamwana kake komaliza anakapeza m'mawa mwake m'munda wa nthochi.

Kumaliroko ndinapita. Palibe anandinyoza, koma palibenso anandisendera pamphasa.

Eni pulogalamu aja atamva anandilembera. Anapepesa kwambiri, kenaka anati ntchito ya a Morton aiimitsa ndipo aichotsa patsamba lawo, chifukwa sangalole anthu kudalira chenjezo lopanda woliyang'anira. Ndinapsa mtima. Ndinati ha, munthu wangofa kumene, mwayamba kale kusesa dzina lake? Koma nditakhala pansi ndinaona kuti sakunama. Ndipo sanatseke chitseko. Akuti wina akadzipereka amuphunzitsa pang'onopang'ono, malo pa seva akhalapobe, ndipo ailengezanso kwa anzawo onse monga kale.

Wina ameneyo ndinu, alamu. Musandiuze zotanganidwa. Makompyuta ndiye ntchito yanu, ndipo akuti mutha kuyang'anira muli konko, kungobwera kamodzi kudzaonana ndi oyeza madzi kumtunda. Ndikudziwa munkawaseka akulu anu kuti akugwira ganyu wopanda bwana. Sindikukumba zakale. Ine choko ndiye ndimachidziwa, izi zandikulira, ndipo ndilibe wina woti ndimugwire mwendo.

Koma kujambula mawu ayi, musayerekeze. Mumalankhula ndendende ngati iwo, moti ngakhale ine mukandiimbira ndimayamba ndakhala pansi. Anthu angathawenso mafoni. Ndijambula ndine, ndi Chinkhonde changa chopotoka cha ku Dedzachi. Andiseke, bola athawe madzi. Ndiyendanso m'matchalitchi kukadzionetsa kuti mwini mawuwo ndi wamoyo, amadya ndi kumwa.

Mawu a Morton akuti awasunga m'nkhokwe yawo, koma sadzaimbiranso munthu. Ndavomera. Zikundiwawa, alamu, zikundiwawa kwambiri. Tsiku lija foni yanga nayonso inalira, ndipo mwina m'Karonga yense ndine ndekha amene ndinamvetsera mpaka kumapeto.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri. Tusekile wabwerera kudambo komwe kuja ndi ana otsalawo, poti alibe kwina kolowera. Mmene zililimu, madzi akabwera palibe foni imene ilire.

Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba ndi ana onse. Mulungu akusungeni. Chonde musadikire Khirisimasi kuti muyankhe, mvula siidikira.

Ndine mlamu wanu,
Ireen