Fupa la Mkono Wanga Lakana Kugwirana

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi miyendo ija yasiya kutupa? Ife kuno tikupuma ndithu, koma mtima suli m'malo.

Mukukumbuka kuti ndinagwa pamakwerero tikukhoma denga, n'kuthyoka mkono wamanja pamwamba pa chigongono. Atandichotsa chikhakha ndinkayesa zatha, ngakhale ululu sunachoke. Koma sabata yatha, ndikunyamula ndowa ya madzi, mkonowo unapindika pakati penipeni, pamalo poti sipapindika. Mpongozi wanu ataona anakuwa mpaka aneba anatuluka.

Kuchipatala anandijambula, dokotala n'kundionetsa chithunzi. Mafupa awiriwo angoyang'anizana ngati anthu odana, pakati pali mpata. Akuti kudikira sikungathandizenso, ndiye Lachinayi likudzali andichita opaleshoni. Adzatsegula mkono, kupala nsonga za mafupawo, kudula kachidutswa ka fupa m'chiuno mwanga n'kutsekera pampatapo, kenako kumanga ndi chitsulo.

Ndinawafunsa ngati dzanjali lidzagwirenso hamala. Anati pali mtsempha wodutsa pafupi ndi fupalo umene umayendetsa dzanja. Adzayesetsa kuusamala, koma sangalonjeze. Fodya andiletsa, akuti amachedwetsa fupa kugwirana. Mpongozi wanu akuti pamfundo yokhayo dokotalayo ndi m'bale wake.

Pabenchi yodikirira ndinakhala ndi dalaivala wina, mwendo wake uli ndi zitsulo zotulukira kunja. Anandiuza kuti iye amung'amba kangapo, koma mafinya sakutha. Ankafotokoza akuseka.

Kuntchito kapitawo waika kale munthu wina pamalo panga. Akuti mvula sidikira fupa.

Tsono amayi, pempho langa ndi limodzi. Mpongozi wanu watopa kwambiri ndi pakati paja, anamwino akuti matenda angamuyambe tsiku lililonse. Iye akuumirira kuti adzagona pansi pafupi ndi bedi langa, azindidikirira. Ndamuletsa, takangana, ndipo chidzulo chija sakundilankhula. Ndikudziwa kuti si mkwiyo, ndi mantha. Inenso ndikuopa kuti adzayamba kumva ululu ali yekha m'kachipinda kathu kano, ine ndili chigonere osadziwa kanthu.

Chonde bwerani lisanafike Lachinayi. Ndikudziwa ulendowu ndi wautali kwa miyendo yanuyo, koma mutu umodzi susenza denga. Inu amakumverani. Musadzataye nthawi ndi ine, kuchipatala kuli ondiyang'anira. Mudzakhale ndi iyeyo.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali. Mlongo wanga mumuuze aleke kulira, mkonowu sakuudula. Agogo okha musawauze kaye mpaka nditatuluka.

Ndikadzatsitsimuka, ndikufuna woyamba kundiuza za kunyumba adzakhale inu.

Ine mwana wanu wachisamba