Zaka za Mayi Kuchotsera Zaka za Mwana

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi kakhanda kaja chifuwa chinasiya? Kuno matupi ali bwino, tikuthokoza Mulungu. Mtima wokha ndiye usafunse. Ndakwiya, ndipo mmodzi mwa anthu amene andikwiyitsa ndiwe.

Uthenga wako ndaulandira. Akuti Kadona abwere adzakhale ndi iwe, adzamalizire sukulu kumeneko. Iwe! Mwana kukuimbira foni mobisa akulira, iwe n'kungoti bwera, osayamba wandifunsa ine mayi wake? Khala pansi umve mmene zinayendera.

Ukudziwa kuti kuchipatala kuja ndakalambira kukolopa m'mawodi ndi kusintha nsalu za pabedi. Anamwino aakulu anandiitana n'kundiuza kuti manja ndili nawo, odwala amandikonda, koma kusukulu ya unamwino sangandiyang'ane n'komwe popanda masamu pasatifiketi. Ndiye ndinalembetsa kalasi ya masana ya anthu akuluakulu.

Anzanga onse anathawa mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha. Mphunzitsi wa masamu pasukulupo ndi mmodzi, ndiye anati sangaimirire kutsogolo kwa munthu mmodzi, ndilowe m'kalasi ya ana. Kalasi yake iti? Ya Kadona.

Ndinamufunsa mwanayo ngati zili bwino. Anati palibe vuto, bola ndizikhala kumbuyo ndiponso ndisamayankhule. Kukhala kumbuyoko ndinakwanitsa.

Koma masamu amenewa, mng'ono wanga, ndani angakhale chete? Tsiku lililonse akuti pezani x. Timupeza bwinobwino, mawa wasowanso, ndipo tikamupeza wasintha. Pali manambala ochepera ziro, ndipo akuti ukachulukitsa awiri otero amasanduka abwinobwino. Pali makwerero otsamira khoma, akuti tipeze kutalika kwa khomalo poyeza ngodya, chonsecho makwerero ali pomwepo, munthu atha kungokwera ndi tepi.

Tsiku lina aphunzitsi anabwera ndi nkhani ya thumba la mipira yofiira ndi yobiriwira, akuti ukapisa dzanja osayang'ana, mwayi wotulutsa wofiira ndi wotani. Ndinafunsa kuti watiletsa kusuzumira m'thumbamo ndani. Ana anaseka mpaka misozi. Tsiku linanso inali thanki yobooka, madzi akulowa pamwamba uku akutuluka pansi, akuti idzadza nthawi yanji. Ndinakweza dzanja n'kunena kuti mwini thankiyo ayambe wamata chibowocho, asatitayitse nthawi.

Aphunzitsiwo ana amawatcha a Choncho, chifukwa mzere uliwonse wa samu amauyamba ndi liwu limenelo. Ndi munthu woleza mtima, sindinama. Ankangopukuta choko m'manja n'kundiuza kuti funso langa ndi labwino koma silibwera pamayeso.

Usaganize kuti ndinali mbuli pa zonse. Titafika pa magirafu ndinawagwira tsiku lomwelo, chifukwa ndi zomwe zija timapachika kumiyendo kwa bedi la wodwala, mzere wokwera thupi likatentha, wotsika likazizira. Ndinkakondanso kujambula ndi kampasi. Umabaya pepala, n'kuzunguza, mzere n'kukakumana ndendende pomwe unayambira. Ndinayamba kuona kuti mwina yunifolomu yoyera ija ndidzaivaladi.

Kadona ndiye katswiri wa kalasi yonse pa masamu. Akamayankha, ine kumbuyo kuja ndinkafufuma ngati ndine ndayankha. Ndinkaona kuti poweruka amayenda patsogolo, kutali ndi ine, koma ndinkati ndi utsikana chabe.

Tsiku latsokalo a Choncho analemba pabolodi samu ya zaka. Akuti mayi wina zaka zake ndi kuwirikiza kawiri zaka za mwana wake, ndiye mwanayo timutche x, mayiyo 2x. Asanamalize n'komwe kulemba, ine mtima unadumpha ndi chimwemwe. Kwa nthawi yoyamba x anali ndi nkhope! Ndinafuula kuti palibe chovutikira, anthu amenewa tili m'kalasi momwemo, chaka chino zaka zanga ndi kawiri za Kadona.

Pakamwa pangapa, iwe, pakamwa pangapa.

Pali kamnyamata kena kamakhala pafupi ndi windo, kamene sikanakhozepo samu chibadwire. Tsiku limenelo ndiye mutu wake unatseguka. Kanaimirira n'kuyamba kutsanzira mawu a aphunzitsi. Kanati choncho 2x kuchotsera x kutsala x, choncho amayiwa anabereka ali ndi zaka zimene Kadona ali nazo lero. Kenako kanatembenukira kwa mwana wanga n'kumufunsa ngati nayenso nthawi yake yakwana.

Kalasi yonse inaphulika. Ena ankamenya madesiki.

Ine sindinadziwe kuti ndadutsa bwanji pakati pa mipando. Ndinangopezeka ndakagwira khutu, ndikukauza kuti inde ndinasiya sukulu ndili msinkhu wawo, ndipo mwana amene ndinasiyira sukuluyo ndi amene amakaposa pa mayeso aliwonse. Ndinkati ndikumuteteza. Nditacheuka ndinaona Kadona akulongedza mabuku ake mwakachetechete. Anatuluka osayang'ana munthu.

Chichokereni tsiku limenelo, nthawi ya masamu ikakwana amakakhala kuseri kwa laibulale. Mayeso ndi awa ayandikira, ndipo anzake alowa kale mutu watsopano iye kulibe. Kunyumba amandipatsa moni ngati mlendo, kudya amadyera kuchipinda. Ndikagogoda amati akuwerenga. Dzulo ndikusesa ndinapeza chikwama chako chachikulu chija unasiya kuno chili pansi pa bedi lake, zovala zopindidwa kale, nsapato pamwamba.

Ndinakhala pansi pomwepo, tsache lili m'manja. Mantha amene ndinamva sindinawamvepo, ngakhale pa zonse zimene ndaona m'mawodi.

Lero m'mawa ndapita kwa a Choncho kukawauza kuti ndasiya. Akana kwambiri. Akuti kamnyamata kaja anakalanga kale, akuti mmene ndimapitiramu ndikanakhoza, ndisataye mwayi. Ndawayankha kuti za mwayi tinaphunzira kale ndi mipira ija, ndipo ine sindipisa dzanja m'thumba osayang'ana pamene mkatimo muli mwana wanga. Aseka pang'ono. Chaka chamawa Kadona akadzachoka ndidzabwerera, x adzakhala akadasowabe.

Zikundiwawa, sindikubisira. Anamwino aakulu sindikudziwa kuti ndikawayang'ana bwanji. Koma mpando uja wakumbuyo tsopano uli wokha.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ine sakundimvera, koma iwe amayi ake aang'ono amakumvera. Muimbire. Umuuze kuti m'kalasi muja mulibenso munthu wofunsa za thanki, abwerere akamalize masamu ake. Umuuze kuti kwa iwe adzabwera patchuthi, monga mwa nthawi zonse. Usamuuze kuti ndakutuma, ngakhale adzadziwa ndithu, mutu wake suja.

Chimene chikundinyansa kwambiri n'chakuti kamnyamata kaja samu kanakhoza. Ndaibwereza ndekha kangapo ndipo yankho silisintha. Ukachotsa Kadona pa zaka zangazi, chotsala ndi kamtsikana kaja unakapeza kakulira kuseri kwa nyumba, yunifolomu itasiya kukwana. Iwe unakaona ndi maso ako. Chonde usanditengere mwanayu.

Undiperekere moni kwa alamu, ana onse uwapsompsone, ndipo kakhandako uzikafunditsa. Mulungu akusungeni nonse ndi kukudalitsani pa ntchito zanu.

Ukamuimbira umuuzenso kuti kampasi yanga ndaiika patebulo lake, aitenge. Yake ija inathyoka mwendo kalekale, ndipo ankachita manyazi kubwereka ya munthu wakumbuyo.

Ndine mkulu wako,
Mayi a Kadona