Kaphulusa Wapakidwa Oyilo

Wokondedwa mlongo wanga,

Landira moni wa kuno. Uli bwanji uko kuntchito, chifuwa chija chinatha? Ife tonse tadzuka bwino, kupatula galu wako Kaphulusa amene unandisiyira. Kalatayi ndalemba pamanja, ndiijambula n'kukutumizira pa foni, chifukwa ukandiimbira, mawu akumandithawa pakamwa.

Mwezi wathawu galuyo anayamba kudzikanda, ubweya n'kumathothoka kumakutu ndi pamsana. Mphere. Ine ndinati tipite naye kwa dokotala wa ziweto, monga unalembera pa pepala lija unamata kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Alamu ako anangoseka. Akuti kugalaja kwawo agalu onse amachira ndi oyilo wakuda wokhetsa m'injini. Amakaniki amenewa ukuwadziwa, kalikonse kakavuta amati kasowa oyilo: chitseko, njinga, pano mpaka galu!

Loweruka m'mawa anabwera nacho chigubu cha oyiloyo. Anamupaka thupi lonse ndi chiguduli, kungosiya maso. Galuyo anakalowa kunsi kwa bedi n'kuyamba kudzinyambita. Pofika masana anali atasanza kanayi, miyendo ikunjenjemera, dovu lili chuchuchu.

Ndinamukulunga m'bulangeti lakale n'kuthamangira naye kwa dokotala. Mayi ameneyo anandikalipira ngati kamwana. Anati oyilo wotere ndi poizoni, amawotcha khungu, ndipo galu akanyambita amawonongeka m'kati. Anandiletsa kumusanzitsa kapena kumupatsa mapiritsi athu a mutu. Anamusambitsa katatu ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, n'kumubaya jakisoni. Kenako anandilozera mankhwala enieni a mphere pashelefu, kabotolo kakang'onong'ono. Safunsa adadya phula.

Alamu ako mpaka lero akuti chinalakwika n'chakuti oyiloyo anachokera m'galimoto ya dizilo, akanakhala wa galimoto ya petulo zikanayenda. Iii, ndikamva zimenezo mtima umachita kuwira! Chigubucho ndawauza abwerere nacho kugalaja, chisapondenso pakhomo pano.

Koma ndisawasenzetse okha mlanduwu. Amene anagwira miyendo ya Kaphulusa ndine. Ndinamuitana ndi mbale yake, iye n'kubwera akugwedeza mchira, ine n'kumupanikiza pansi akulira. Ndipo chithunzi chake chija ndinakutumizira Lamlungu n'chakale, cha sabata imene unachoka. Ndinakunamiza, ndipo manyazi akundipha.

Tsopano vuto lagona apa. Lero ndi Lachitatu, chidyereni Loweruka sanalawe kanthu, madzi okha akumwa pang'ono. Dokotala wati akapanda kuyamba kudya pofika Lachisanu, tisayembekezere zabwino. Ndayesa nyama ya nkhuku yowiritsa, yochotsa mafupa. Ndayesa kumunyengerera nditagwada pasimenti mpaka maondo kuwawa. Akangoona mbale ili m'manja mwanga, akutembenukira kukhoma. Ana ayesanso, wakana. Alamu ako ndawaletsa ngakhale kusuzumira.

Dzulo ndinaimba kamluzu kaja umamuitanira nako pa chakudya. Anadzutsa khutu limodzi, kukweza mutu, n'kuona kuti ndine. Anagonanso.

Ndiye chonde, jambula mawu ako pa foni lero lomwe. Umutchule dzina, uimbe mluzuwo monga umachitira. Ine ndiika foniyo pambali pa mbale n'kutuluka panja kuti asandione. Zondikalipira usunge kaye, ndidzazilandira zonse nditakhala pansi, sindidzayankha. Mluzu wokhawo utsogoze.

Mulungu akusunge ndi kukupatsa mphamvu pa ntchito yako. Undiperekere moni kwa anzako ogona nawo nyumba imodzi. Ana akuti moni amalume.

Ine mlongo wako wamkulu,
wodikira ndi foni m'manja, mbale ili pansi.