Liwu Limene Unasiya ku Madzi Otentha

Chinyunyu,
Rufunsa.

Wokondedwa mwana wanga Kingsford,

Ndiyamba ndi kufunsa za moyo wako, wa mkazi wako Beauty, ndi wa ana, Treasure ndi Divine. Ndafunsa chifukwa kalata imayamba motero, koma yankho ndili nalo kale. Ndinakuonani nonse anayi ndi maso anga Loweruka lija, ndipo muli bwino. Iwe wanenepa. Ine kuno ndilipo, maondo okha ndiwo akundivuta, makamaka lakumanzere.

Usadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Pa foni sindimaliza chiganizo usananene kuti uli mu miting'i. Apa uwerenga mpaka pamene ndalekezera.

Ukuwakumbukira a Dolly, amene tinkaphunzitsa nawo pasukulu imodzi? Chipumireni pantchito, akhala akundivutitsa kuti tiyende tione dziko lathu. Amati, "Emeliana, anthu akuwotcha mafuta kuchokera ku Lusaka kudzaona za kwathu, ife tidzafa tikudziwa njira ya kuchipatala yokha." Ndinavomera. Tinasankha malo atatu.

Poyamba tinakwera minibasi kupita ku mlatho wa Luangwa. Mtsinjewo ndi waukulu ndithu, koma ine ndinabwerako ndikudziwa kuti m'mbali mwa msewu muli misasa makumi awiri ndi isanu ndi iwiri ya madengu ndi nsomba zouma. A Dolly anati ndine ndekha m'Zambia muno amene angafike pa Luangwa n'kufulatira madzi kuti awerenge madengu. Ulendo wachiwiri tinapita ku mishoni ku Mpanshya, tinachita Misa, n'kudya mbatata zathu pamthunzi.

Achitatu anali madzi otentha a konkuno. Tinawasiyira kumapeto chifukwa ali pakhomo. Ine ndinali nditafikako kale kukachapa mabulangete ako uli mwana, koma kukangokhala n'kumayang'ana, ngati mlendo, ndinali ndisanachitepo.

Ndinatenga mazira asanu ndi limodzi, mchere papepala, ndi ambulera. Mazirawo tinawamanga m'kapulasitiki n'kuwatsitsa ndi ndodo pamene madzi amabwadamuka. Nthunzi inali tolotolo, ndi fungo lija ukulidziwa. Kenako tinatsikira kumunsi kumene madzi amayamba kuzizira, tinavula nsapato, n'kukhala pamiyala. A Dolly anandipaka matope ofunda pabondo, ati ndiwo mankhwala. Ndinali ndi matope mpaka m'maondo, chitenje nditakwinyira m'mwamba, duku litapendekeka, ndikuseka ngati mtsikana.

M'pamene panafika magalimoto awiri. Ndinawerenga otuluka, monga ndimachitira: akuluakulu asanu ndi awiri, ana anayi. Wachisanu kutuluka unali iwe. Ndinakudziwa usanatembenuke, chifukwa unakanda kuseri kwa khutu monga ankachitira malemu atate ako.

Ndikuuze zimene ndinaganiza, kuti udziwe kupusa kwanga. Ndinati mwana wanga wafika kunyumba, wapeza chitseko chotseka, ndipo amuuza kuti ndili kuno. Ndinati wandibweretsera adzukulu. Ndinaimirira mofulumira moti a Dolly anachita kundigwira kuti ndisaterereke.

Unandiona. Unayamba kuyang'ana miyendo yanga, kenako nkhope, kenako bambo wa chipewa choyera amene nonse munkamutcha abwana. Unabwera, unawerama pang'ono, unandipatsa dzanja, n'kunena kuti, "Amayi, muli bwanji?"

Kingsford, kuno mkazi aliyense wa imvi ndi amayi. Kondakita amanditcha amayi akafuna ndisunthe. Wogulitsa makala amanditcha amayi. Iwe ukudziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake unasankha liwu limenelo. Unalinena kanayi. Pondilonjera, pondifunsa ngati madziwo amathandizadi maondo, pondiuza kuti ndikhale pansi ndisavutike, ndi potsazika. Kanayi konse anzako sanamve chilichonse chachilendo.

Beauty anapinda bondo, anandilonjera ndi mawu apansi, kenako anakumbukira kuti waiwala kanthu m'galimoto. Kanthu kameneko anakafunafuna mpaka munanyamuka.

Treasure watalika. Ndinamuona komaliza ali kumsana pa maliro a atate ako, ndipo Divine ndimangomudziwa pa chithunzi chimodzi chija unatumiza. Treasure anandiyang'anitsitsa, kenako anakukoka malaya n'kufunsa m'chilankhulo chawo cha m'tauni, "Ba dadi, ni bandani aba?"

Ndinatchera khutu kuti ndimve bwino.

Unati, "Aba ni batichala banga ba kudala. Bananiphunzisa mu giredi folo."

Sunaname. Ndinakuphunzitsadi giredi folo, unkakhala benchi yachiwiri pafupi ndi zenera. Ndipo icho n'chimene chikundiwawa koposa, chifukwa sindingakuimbe ngakhale mlandu wa bodza. Unafunafuna choonadi chaching'ono choti ubisalemo, ndipo unachipeza. Komanso ndinamva kuti "anga" unali naye mkamwa nthawi yonseyo. Sanasowe ayi. Unangomuchotsa pa amayi n'kumupereka kwa tichala. Ndi zilembo zinayi zokha, mwana wanga, ndipo ndine ndinakugwira dzanja pozilemba.

Abwana ako ndi munthu waulemu. Anavula chipewa nandiuza kuti ndinagwira ntchito yabwino, ndinawapangira munthu. Ndinathokoza.

A Dolly anali atayamba kale kuti, "Iwe Kingsford, iwe," koma ndinawatsina pantchafu. Pobwerera anandikalipira njira yonse. Anati ndikanawasiya akanakuviika mutu momwe munali mazira, ubwerere ku Lusaka utapsa bwino, wongofunika mchere. Usaganize kuti ndinawaletsa pokumvera chisoni iweyo. Sindinafune kuti ana aja adziwe ambuye awo kudzera m'mkangano, pamaso pa alendo.

Mazira anali atapsa. Ndinasenda awiri, ndinawaza mchere, n'kupatsa ana. Divine anandifunsa chifukwa chake munthu wamkulu ndikusewera ndi matope, ndipo ndinamuuza kuti aphunzitsi akakalamba amaloledwa. Anaseka. Ali ndi mpata pakati pa mano ngati wanga. Treasure analandira ndi dzanja limodzi nati, "Thenkyu, ticha." Asanalume, mawu anachokera kugalimoto akuti asadye za anthu osawadziwa. Anandibwezera onse awiri. Anabweza mwaulemu, mwawalera bwino.

Ndinapita ndi mazira asanu ndi limodzi. A Dolly anadya awiri. Anayi ndinabwera nawo kunyumba n'kupatsa galu wa a Chanda, aneba anga.

Ndinawafunsa a Chandawo ngati panaima galimoto pakhomo panga. Anati ayi. Sindinawakhulupirire, choncho ndinatsika ndi kanjira kathu mpaka kumsewu ndikuyang'ana pansi. Munali mapazi a mbuzi ndi tayala la njinga. Mtengo wa mango umene unkakwera umaonekera pamsewu, Kingsford. Unaudutsa popita, unaudutsanso pobwerera.

Ndayesa kukupezera chifukwa. Mwina ndikanakhala nditavala nsapato ndi diresi la kutchalitchi ukanandivomera. Mwina unawauza anzako kuti amayi ako amakhala m'nyumba ya magetsi ku boma. Mwina unangochita mantha, ndipo liwu loyamba litatuluka unasowa pobwerera. Zonsezi ndazitembenuza, palibe chimene chandipepuza mtima.

Sindikupempha malata kapena mankhwala a maondo. Ndikupempha chinthu chimodzi. Uwakhazike pansi ana aja, uwauze kuti mayi wa matope uja ndi ndani. Uwauze iwe, ndi pakamwa pako, Beauty ali pomwepo.

Pa tchuthi cha ufulu, mu Okotobala, ndikwera basi kubwera ku Lusaka. Adiresi imene ili pa envulopu iyi ndi yomwe ndidzafunsire njira. Ndidzasamba miyendo, ndidzavala nsapato, usade nkhawa. Ndidzaima pageti pako n'kugogoda. Akadzatsegula Treasure n'kufunsa kuti ndine yani, ine sindidzayankha. Ndidzamutuma akakuitane, ndipo ndidzadikira pomwepo, ngakhale padzuwa.

Ukadzanena zoona zonse, ndidzalowa, ndipo nkhani iyi sindidzaitchulanso, ngakhale kwa a Dolly. Ukadzabwereza za giredi folo, ndidzakwera basi yamasana. Ndipo tsiku langa likadzafika usadzawavutitse ana ndi ulendo wa kuno. Ana sapita ku maliro a mphunzitsi wa atate awo.

Mulungu akusunge, akudalitse pantchito yako, akupatse thanzi iwe ndi a m'nyumba mwako. Ndimakutchula m'mapemphero monga kale, sindinaleke. A Chanda akupereka moni. A Dolly akana. Undiperekere moni kwa Beauty, umuuze kuti ndikhulupirira anachipeza chimene ankafuna m'galimoto.

Moni wa Treasure ndi Divine ndausunga kuno. Sindingakupatsire, chifukwa akakufunsa kuti wachokera kwa yani, sindikudziwa chimene udzawayankhe.

Ine amene ndinakubala,
Emeliana Chabwela