Mwezi Umene Amalume Anabwera Kudzasudzula Atate

Amayi, kaya kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo. M'mawa kwayamba kuzizira, chimanga chauma m'minda, ndipo mphepo ikamadutsa m'mapesi imamveka ngati anthu akunong'onezana.

Ndiyambe ndi manyazi anga, poti mukanakhalapo mukanayamba nawo ndinu. Sukulu titatsekera mu Epulo ndinatenga ana, Dalitso ndi Chikondi, kuchoka kwanga ku Nabvutika, m'tauni muja, kubwera kumudzi. M'mawa mwake ndinamanga chitenje chanu chobiriwira chija n'kutsetserekera kudimba ngati munthu wodziwa kumene akupita, koma kumapazi ndinali nditavala nsapato za kukalasi. Pafupi ndi chitsime matope anameza imodzi, ndipo ndinatsala chiimire ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Ndi mmene anandipezera alongo anu, amalume a Lingisoni, atangotsika basi ya ku Katete, kachikwama kali kukhwapa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, inayo munaisiya kukoleji?" Nsapatoyo mpaka lero ili momwemo. Ikamera ndidzakuuzani.

Nkhani zabwino zilipo. Mkazi wa mlongo wanga Mabvuto wachira ku Lusaka, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu, Aginesi. Akuti akayamba kulira sasiya mpaka onse m'nyumba atachita zimene akufuna, ndiye ndinawauza kuti dzinalo lafika pamalo pake. Chimanga cha kumtunda chachita bwino, cha kumunsi mvula inakokolola. Nshawa tafukula, ngakhale mbewa zinatiyambira. Thonje atate sanalime chaka chino. Akuti ntchito yotola thonje imafuna munthu wokangana naye.

Chimene anadzera amalume mukuchidziwa, poti mwambowu ndi wanu. Mkazi akamwalira, mwamuna amene anabwera kudzakhala kwawo kwa mkaziyo amadikira kuti akolole, kenako abale a malemu amamusudzula: amamuuza kuti ukwati watha, ndi womasuka, abwerere kwawo. Ine zimenezi ndinkaziphunzitsa m'kalasi ngati nkhani ya anthu ena. Tsopano mkamwiniyo ndi atate, amene anafika m'mudzi muno tsitsi lili bii, nakumba chitsime chija ndi manja awo. Chichokereni inu, ana a mayi aang'ono akhala akuzungulira dimba lanu, kuyamikira mpanda ndi kufunsa ngati chitsime chimaphwa m'chilimwe. Munthu safunsa za chitsime chimene sakufuna kudzamwapo.

Ndiye ine, ndi nzeru zanga, ndinaganiza kuti munthu amene ali paulendo sakamba mlandu. Ndinakonza zoti amalume asakhale pansi. Pasaka itatha ndinawatenga onse kupita nawo ku tauni. Tinayenda mumsika, ana anakwera phiri la Kanjala, amalume anakwera mpaka pamene panathera mthunzi n'kunena kuti phiri limaoneka bwino ukakhala pansi pake. Koma cholinga changa chinali choti atate aone kuti kwanga ku Nabvutika angathe kukhalako. Anadzuka m'mamawa, nasesa pakhomo panga, nasesanso pa aneba, kenako anaima pageti manja ali kumbuyo. Nditawapatsa tiyi anandifunsa kuti anthu a kuno dothi lawo lili kuti. Ndinawaonetsa tomato wanga wa m'chitini. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene munthu amayang'anira mbale wake amene ali m'ndende.

Sabata inayo tinapita ku Mtenguleni kukaona apongozi anga. Anatiphera mbuzi, amalume anadya mpaka kumasula lamba, ndipo mlandu sunakambidwe. Ndinayamba kudzitama mumtima.

Ulendo wachitatu sunali wanga. Atate ndiwo ananena, tikusenda chimanga, kuti, "Tiyeni ndikaone kumene ndikupitako." Tinakatenga ziphaso, tinadutsa pa Mwami pakati pa malole aatali aja, n'kulowa ku Malawi, kumudzi kwawo kufupi ndi Mchinji. Inu munapitako komaliza pa maliro a agogo. Amayi, kwasintha. Abale awo onse amene mukuwadziwa anagona. Anatilandira mdzukulu wa mlongo wawo, mnyamata waulemu ndithu, amene anagwada popereka moni n'kutulutsa mpando wa alendo. Ana ankathamanga kukauzana kuti kwabwera anthu a ku Zambia. Atate anayenera kudzifotokoza, kutchula mayi awo ndi mayi a mayi awo, mnyamata uja akugwedeza mutu mokoma mtima. Pamene panali nyumba imene anabadwiramo pali chigafa cha fodya. Potsazikana mnyamatayo anati malo ogona sangasowe. Za munda sanatchule, ndipo sindikumuimba mlandu, chifukwa ndinaona ndekha mmene minda yawo aidulira tizidutswa.

Pobwerera tinawolokanso pa Mwami. Pamenepo atate anangoti, "Ndi anthu abwino." Amalume anayang'ana kunja kwa zenera ulendo wonse, ndipo kunjako kunalibe chilichonse choti n'kuona.

Titafika, atate anafesa anyezi, kabichi ndi repu ngati munthu amene alibe ulendo. Chodabwitsa n'chakuti amalume ankapita nawo. Mukukumbukira kuti awiriwa sankamwerana madzi chiyambire mkangano wawo wa ngolo uja. Tsopano wina akatunga, wina amathirira, osalankhulana, mpaka dzuwa kufika pamutu. Inu munkati mlendo ndi mame. Mame awa, amayi, anakana kukamuka. Shuga anatha, sopo anatha, malaya amodzi amene amalume anabwera nawo anachapidwa mpaka kolala inayamba kupempha chifundo. Ana a mayi aang'ono ankadutsa pakhomo tsiku ndi tsiku kudzafunsa ngati amalume adzuka bwino.

Sabata yomaliza ya holide ndinalephera kupirira. Tinali awiri pakhonde masana, tikuthothola nshawa. Ndinawafunsa kuti, amalume, mwezi ukutha, munabwera kudzathirira anyezi kodi? Sanakwiye. Anati, "Mwana wa mlongo wanga, mawu ndinabwera nawo ali pakamwa. Koma ndikamuona munthu uja atawerama pa anyezi, amabwerera m'mimba." Anapukuta m'maso ndi chipewa. Kenako anandifotokozera kuti abale amene anawatumawo si afiti ayi. Nawonso ali ndi ana, minda ikuchepa, ndipo funso lawo ndi limodzi: mkamwini amakhalira ana ake, nanga pano akukhalira ndani? Mabvuto ali ku Lusaka, ine ndili ku tauni. "Pakanakhala mwana wamkazi wa Aginesi pakhomo pano," anatero, "ndani akanatsegula pakamwa?" Sankandipempha, amayi. Anangonena ngati mmene munthu amanenera kuti mvula sinagwe.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Ndinu amene munkadzuka tambala asanalire kukagulitsa ndiwo za m'dimbamo kuti ine ndipite kusukulu. Ndikafuna kukuthandizani munkandithamangitsa ndi phesi, mukuti, "Phunzira, matope awa asakudziwe." Ndinamvera. Ndili ndi mpopi pakhomo, magetsi, ndi ana amene amaopa nkhuku ya thadzi. Zonsezo ndi ntchito ya msana wanu. Ndinakhala masiku ndikuyendayenda nazo m'mutu. Ndinaimbira bambo a Dalitso, amene anali ndi lole yawo cha ku Nakonde. Anati iwo kwawo ndi pamsewu, ndingowauza poimika galimoto. Koma anandifunsanso ngati ndaganizira za sukulu ya ana. Funso limenelo ndikulisinkhasinkhabe mpaka pano.

Lamulungu titachoka ku Misa abale anasonkhana pabwalo panu. Amalume asanayambe, ndinapempha kulankhula. Ndinagwada, ndipo mawondo anga analira moti onse anamva. Ndinati nyumba ya mayi anga ili ndi mwini, ndi ine. Ndipempha kuti andisamutsire kusukulu ya kutsidya kwa dambo, ndipo podikira yankho ndizibwera Lachisanu lililonse. Mmodzi wa ana a mayi aang'ono anafunsa ngati ndikudziwa kumene khasu limagwiridwa. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa kumene siligwiridwa, zotsalazo andiphunzitsa atate. Ena anaseka, iye sanaseke, ndipo ndikudziwa kuti ndadzipezera munthu wondiyang'anitsitsa kwa zaka zambiri.

Pamenepo mawu a amalume anatuluka. Anaima pamaso pa atate, nawathokoza chifukwa chokusungani mpaka tsiku lomaliza, n'kuwauza kuti ukwati watha, ndi womasuka. Amayi, sindinaganize kuti mawu amenewo angandipweteke chotero. Zinali ngati mwamwaliranso kachiwiri, koma mwakachetechete, popanda nyimbo. Atate anavula chipewa n'kuwerama. Kenako amalume anati, "Ngati mwamuna wa Aginesi, njira ndi iyo. Koma ndinunso bambo a mwini nyumba. Akakusungani, ife tilibe mawu."

Mukuganiza kuti atate anandithokoza? Anthu atabalalika anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, nandiuza kuti mukanakhalapo mukanandikwapula. Anati inu simunathyoke msana kuti ine ndibwerere m'matope chifukwa cha nkhalamba. Ndinawauza kuti zimenezo ndikamba nanu ndekha. Ndi chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Amalume ananyamuka dzulo m'mawa, ndi thumba la nshawa ndi tambala wanu wofiira uja, amene anamuyamikira mwezi wonse mpaka tinamva. Tinawaperekeza kumsewu, atate atasenza thumbalo, akukana kulandiridwa. Tikudikira basi, amalume anawafunsa motsitsa mawu kuti, alamu, ku Mchinji kuja chinakuopsani n'chiyani, njala? Atate anati njala anaidziwa kale, siwaopsa. Anati kumeneko akanadzawaika pakati pa anthu amene sakuwadziwa, inu muli kuno nokha. Basi inafika. Amalume anakwera osayang'ana m'mbuyo, tambala ali kukhwapa, ndipo tinaima pomwepo mpaka fumbi litatha.

Sindikudziwa ngati mwakondwa nane kapena mukufunafuna phesi. Ngati ndi phesi, ndidzalilandira tikadzaonana. Koma izi ndikulonjeza: adzukulu anu sukulu sadzaisiya, ngakhale kudzakhale kuwoloka dambo, ndipo atate sachoka pano. Tsiku lawo likadzafika, simudzawafunafuna kutali.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Felista