Zala Zimene Zinatsala pa Macheka

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomopo. Kodi muli bwanji? Msana uja ukukulolani kugwira khasu chaka chino, kapena wayambanso nkhanza zake? Ine kuno ndilipo. Ndikati ndili bwino ndinama, koma ndikupuma, ndikudya, ndipo dzanja lolembera lilipo.

Zoti ndinavulala munamva kale. Chimene sindikudziwa n'chakuti munamva zotani, chifukwa amene anakuuzani ndi amuna anu, ndipo nkhaniyi ikuwakhudza. Ndiye ndati mumve kwa mwini dzanja. Muwerenge muli nokha.

Ku shopu kwathu kuja kopanga mipando ndi makabati kuli makina ochekera matabwa. Anabwera ndi chotchingira pamwamba pa mano ake, koma ife tinachichotsa kalekale n'kuchipachika pakhoma, chifukwa chimachedwetsa ntchito ndipo munthu suona bwino mzere. Tsiku limenelo thabwa linali ndi mfundo yobisika. Linadumpha, dzanja lamanzere n'kulowa. Zala ziwiri zakumapeto zinatsala pomwepo mu utuchi, chachitatu chinang'ambika mpaka fupa.

Ndinene zoona, woyamba kundifika anali alamu. Anavula malaya awo n'kundimanga mkono, anandinyamula ngati mwana mpaka pamsewu, n'kuimitsa galimoto ya munthu wosamudziwa. Zimenezo sindidzaiwala. Koma m'galimoto momwemo, magazi anga akudontha pa nsapato zawo, anandinong'oneza kuti ndikafika kuchipatala ndikanene kuti ndadzitema kunyumba powaza nkhuni.

Musadzidzimuke msanga, ndi mmene tinkachitira ku shopuko. Abwana athu, mayi amasiye aja, amalipira inshuwalansi ya antchito chaka chilichonse. Sadula pa malipiro athu, zimachokera m'thumba mwawo. Tinkawamva akudandaula kuti mtengo wake ndi wokwera chifukwa ntchito ya macheka ndi yangozi, siifanana ndi ya munthu wokhala pa desiki. Ankatinso antchito akachuluka mtengo umakula, ndipo ngozi ikalembedwa umakweranso. Ndiye ife, pokonda mayi athu ndi poopa kuti shopu ingatsekedwe, tinkabisa mabala. Munthu akadzicheka ankathira guluu pabalapo, kumanga kasanza, n'kubwerera pa thabwa lake. Alipo mnzathu wina amene timangomutchula kuti Guluu, chifukwa thupi lake lonse n'lomatamata. Timamuseka kuti mvula ikadzamupeza panja tidzachita kumutola zidutswazidutswa.

Kuchipatala ndinanena zimene anandiuzazo. Namwino anayang'ana bala, anandiyang'ana ine, n'kundifunsa ngati nkhwangwa yanga ili ndi mano, komanso ngati masiku ano nkhwangwa zayamba kutulutsa utuchi. Ine ndinabwereza za nkhuni zomwezo. Iye anapukusa mutu n'kulemba zomwe ndinanena.

Mawa lake abwana anabwera kudzandizonda atanyamula buledi ndi mkaka. Nawonso anauzidwa za nkhuni zomwezo, makina anawapeza atatsukidwa bwinobwino. Koma amadziwa kuti ine ndimakhala m'kachipinda ka lendi, ndimaphika pa kasitovu, nkhuni sindinazigwirepo kuno. Anaona thalauza langa litapachikidwa kumapazi kwa bedi, m'mapindiro muli utuchi woumirana ndi magazi. Achemwali, mayi ofatsa aja anakalipa mpaka odwala ena anadzutsa mitu. Anati zaka zonsezi akhala akudzimana kuti alipire inshuwalansi ya tsiku ngati limeneli, ndiye tsikulo lafika ife tikuitaya ndi manja athu. Anati ndi bodza limenelo ndadzitsekera ndekha chitseko, chifukwa wovulalira kunyumba inshuwalansi imeneyi siimudziwa. Analumbira kuti amene anandiphunzitsa bodzalo akangomudziwa, ntchito yatha tsiku lomwelo.

Ngozi abwanawo anakainena okha ku kampani ya inshuwalansi. Koma tsopano nkhani zinali ziwiri, ya kuchipatala ndi ya abwana, ndipo akampaniwo anati sachita kalikonse mpaka adziwe yoona. Masabata amenewo anali owawa. Ndinkakhala pa bedi n'kumangoyang'ana bandeji, kudzifunsa kuti munthu wa msinkhu wanga, wa zala zoperewera, amene sukulu analekeza panjira, angamulembenso ndani. Ndinkakumbukiranso kuti alamuwa ndinawaitana kuno ndine, ntchito ndinawapemphera ndine, kunola pulena yosalazira matabwa ndinawaphunzitsa ndine, mpaka anandidutsa n'kukhala kapitawo chifukwa amatha kuwerenga mapulani. Nsanje sindinachite, Mulungu akudziwa. Koma masabata onsewo sanaponde pakhomo panga.

Kenako kunabwera mayi wina wa ku inshuwalansi kudzafufuza, ndipo anandiitanitsa ku shopu. Anaona makina, anaona chotchingira chili pakhoma akangaude atamangapo nyumba, n'kuyamba kufunsa anthu mmodzimmodzi. Guluu sanadikire kufunsidwa. Anangopinda malaya n'kuyamba kumuonetsa zipsera, akumafotokoza kuti ichi n'cha kabati wa kusukulu, ichi n'cha bedi la anthu amene ukwati wawo unatha kale. Mayiyo anayamba ndi kuseka, koma pofika pa mkono wachiwiri anali atasiya.

Ine ndinamufunsa ngati kuchotsa chotchingira kuja kundimanitse thandizo. Anati ayi, iwo safunsa kuti wolakwa ndani, amafunsa ngati munthu wavulalira pa ntchito. Koma anati ayenera kudziwa chimene ndinanamira kuchipatala, ndi amene anandituma. Abwana anali chiimire pambali panga, manja atapinda. Alamu anali kuseri kwa mulu wa matabwa, ndinkangoona nsapato zawo.

Achemwali, dzina linali pa lilime, ndipo linkakoma ngati shuga. Koma ndinaona ana anu aja ali pasukulu, ndinaona inu ndi msana wanu. Ndinayankha kuti bodzalo ndi la shopu yonse, tinachita kulipeza, ndipo tonse takhala tikuphunzitsana. Ndinati ngati n'kuchotsa munthu, achotse tonse kuyambira ine wamkulu. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawerama n'kulemba. Abwana anatuluka panja. Ndikuganiza kuti amadziwa, koma sanafunsenso.

Lero ndikulemba ndili wothokoza, chifukwa akampani aja anavomera. Za kuchipatala alipira okha, mankhwala, ngakhale basi yopitira kokaongola zala. Pamene sindikugwira ntchito akundipatsa gawo la malipiro anga, osati onse, koma lendi ndi chakudya zikukwanira. Dokotala akadzaona kuti dzanja lafika pomwe silingachirenso kuposa pamenepo, adzayeza mphamvu imene yatayika, ndipo chipukuta misozi chidzatsata muyeso umenewo. Musalole kuti anthu kumeneko azinena kuti ndalemera. Zala za nkhalamba sizigula galimoto.

Kokaongola zalako amandifinyitsa kampira ndi kunditoletsa mabatani patebulo, ine munthu wa imvi, thukuta lili chuchuchu. Mtsikana amene amatiphunzitsayo amati ndine wophunzira wake wamakani kuposa onse. Pa benchi podikira ndimakhala ndi mmisiri wina womanga nyumba amene anagwa pa denga. Abwana ake analibe inshuwalansi, anangomusiya pa geti la chipatala ndi mawu a pepani, ndipo pano akazi ake agulitsa mpaka mipando ya m'nyumba. Ndikachoka kumeneko ndimakumbukira abwana athu aja. Mayi athuwa muziwapempherera. Ati mtengo wa inshuwalansi chaka chamawa ukweradi, makina atsopano amene ankafuna sagulanso, koma ukhoza kudzatsika tikakhala nthawi yaitali popanda ngozi. Chotchingira anachibwezeretsa ataimirira pomwepo. Ine andilonjeza ntchito yopepuka, kusankha matabwa ndi kuyang'anira opaka vanishi.

Alamu ntchito ali nayobe. Mwina simunadziwe n'komwe kuti inatsala pang'ono kutha. Ndikafika ku shopu amapeza chochita kuseri, moni amachita kunditumizira kudzera mwa Guluu. Ndisakunamizeni, sindinawakhululukire. Mutu umandiuza kuti ankateteza shopu imene imatidyetsa tonse, koma mtima sumva za mutu. Ndikakhala ndekha ndimaibwereza nkhaniyi mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Chimene chimandipweteka kwambiri si bodza lija ayi. Ndi mpando wa m'chipinda changa, umene anthu achilendo akhalapo koma iwo sanaukhale.

Pempho langa ndi limodzi. Musawakalipire, ndipo ana musawauze. Mungowauza amuna anuwo kuti abwere kwanga Lamlungu lililonse limene angathe. Asanyamule shuga, asavutike kukonza mawu opepesa, sindikuwafuna. Zikhadabo za dzanja lamanjali zakula mpaka zikukola mu bulangete, ndipo lamanzere silitha kugwira lezala. Eni nyumba anadzipereka kuti andiwenge, Guluu anadzipereka, onse ndawakana. Auzeni abwere ndi lezala latsopano.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti asalire, mwana wawo akudyabe ndi dzanja lake. Moni kwa mng'ono wathu ndi akazi ake, kwa ana anu onse, ndi kwa kamdzukulu kaja kamene sindinakaonebe. Inuyo musamanyamule zolemera.

Tsalani bwino, ndipo musachedwe kuwauza. Zikhadabo sizikudikira.

Ndine,
Achimwene anu aakulu